Mwala Umene Ndinalumbira Kutafuna

Anzanga, inu amene mwakhala mukundifunsa kuti kamwala kali pawindo la nyumba ya Dorika n'kachiyani, ndiponso chifukwa chake ndimakalipira ana akafuna kukataya, khalani pansi ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukakamvera kwa asewere anga a Kamphinda akathiramo mchere wambiri. Si mankhwala ayi. Ndi ndiwo zanga, ndikungodikira kuti zifewe.

Ine ndine Nambewe, wa kumtunda kuno kwa Madisi, njira yafumbi yoloza kumapiri a Ntchisi. Sukulu ndinalekezera sitandade 3, koma funsani pamudzi pano ngati alipo anandipusitsapo. Ndimamudziwa amene anabwereka sefa yanga chaka cha njala osabweza mpaka lero, ndimadziwa nkhuku ya yani inaikira m'khola mwa yani, ndipo ogula mbuzi akandiona ndikulowa pamsika chingwe chili m'manja amayamba kuyang'ana kumbali. Ndiye munthu wotereyu mungaganize kuti angagwere m'mbuna yokumba yekha, masanasana, mudzi wonse ukuonerera?

Nkhani inayamba ndi Dorika, mwana wanga wachiwiri. Iyeyu anakwatiwa ku Dzoole, anamutenga chitengwa, ndiye mwamuna wake atatisiya kumeneko kunamuthina, anabwerera kwathu ndi ana atatu ndi mtolo wa ziwiya. Nyumba yanga ndi ya chipinda chimodzi, mukuidziwa. Tinangotchinga chigafa chakale cha fodya ndi mapesi ndi mapulasitiki, n'kuti ayambe akhala mmenemo. Dzinja lathalo ndinalowamo tsiku lina mvula ikugwa, ndinapeza ana atakhala pakati pa mabeseni asanu ngati akugulitsa, wamng'onoyo atafunda thumba la feteleza. Koma potuluka ndinauza mtima wanga kuti mvula ina isadzawapezenso mmenemo, ngakhale zitavuta chotani.

Chilimwe chitalowa ndinapita ku Madisi kukagula mchere ndi sopo pagolosale ya Che Saidi, ndiye ndinaona chipepala chomatidwa pachitseko, anthu ataunjikana. Che Saidi anandiwerengera. Akuti kwabwera kampani ina ya ku Lilongwe ya zomangamanga, ikufuna malo osalimidwa apafupi ndi msewu, idule mapuloti, imange nyumba zoti azikhalamo aphunzitsi, anamwino ndi ena apantchito. Amene ali ndi malo atenge fomu, alembe kukula kwake ndi mmene nthaka yake ilili, aphatikize kalata ya amfumu, zidindo za zala za akubanja ndi zithunzi za pafoni. Malo akawakonda, mwini wake asankha yekha: kulandira ndalama, kapena amumangire nyumba imodzi ya njerwa ndi malata pakona pa malowo. Koma atenga malo awiri okha kapena atatu, osapitirira.

Nyumba ya malata. Ndinaiwala ndi sopo yemwe pakauntala.

Malo ndinali nawo, amayi anandisiyira, m'mphepete mwenimweni mwa msewu, timangoti ku Nsangalabwi. Dzinalo likunena lokha. Ndi miyala yokhayokha, ing'onoing'ono pamwamba, ikuluikulu pansi, kumtunda kwake chithanthwe chonga msana wa ng'ombe. Kaufiti yemwe, amene amamera pamene chimanga chakana, pamenepo amakanapo. Malemu amuna anga anathyolapo makasu awiri n'kulumbira kuti sadzapondaponso, ndipo lumbiro limenelo ndi lokhalo limene anasunga. Mlongo wanga Lufeyo, mwinimbumba wathu, nditamupititsira fomu kuti adinde chala, anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Achemwali, amene agule pamenepo mumufunse ngati akufunanso mphepo, tili nayo yambiri."

Mawu amenewo ndi amene anandiwononga. Ndinabwerera kunyumba ndikulingalira. Kodi alipo amagula mbuzi yoonekera nthiti? Ine chibadwire ndamva anthu akutama malo, ndipo mawu ake ndi atatu basi: nthaka yakuda, nthaka yofewa, nthaka yachinyezi. Sindinamvepo munthu akuimirira pabwalo n'kunena monyada kuti kwathu kuli miyala. Ndiye ngati a m'mudzi, oyenda chapansi, amanyoza malo angawa, nanga a ku Lilongwe obwera pagalimoto? Ndinati ayi, namwali sapita kuchinkhoswe osasamba. Malowa ndiwasambitsa.

Tinakhala pamkeka ndi Dorika kulemba fomu, iye cholembera m'manja, ine nzeru m'mutu. Atafika pofunsa za nthaka ndinati, "Lemba kuti yachonde, yakuda bii, yofewa, chinyezi chaka chonse."

Anaika cholembera pansi. "Amayi, anthuwa akufuna kumanga nyumba. Sakudzadzala kabichi."

"Iwe unagulitsapo chiyani chibadwire? Lemba."

"Bwanji tingofunsa kaye kuti amafuna nthaka yotani?"

"Wogulitsa akayamba kufunsa mafunso, wogula amadziwa kuti wapeza chitsiru. Lemba, mwanawe, dzuwa likupita."

Analemba. Pojambula zithunzi ndinaima ine kutsogolo, manja m'chiuno, chitenje chatsopano nditachitambasula bwino, kuti chithanthwe chija chibisale kumbuyo kwanga. Mulungu anandipatsa thupi, ndinaona kuti tsiku lake logwira ntchito lafika. Fomu inapita, ndipo patatha masiku anaimba pafoni ya Dorika kuti adzabwera kudzaona malowo pakatha masabata atatu, Lachinayi m'mawa.

Choyamba chinali kuchotsa miyala. Moyandikana ndi malowo amakhala a Kamphinda, bambo wa mkazi wa mwana wanga wamwamuna, ndiye timaitanana kuti asewere. Ali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri, ndipo ndi munthu wosafulumira pa chilichonse, ngakhale kuyankha moni amayamba waganiza. Ndinawapeza akusoka goli pansi pa mtengo wa mango.

Ndinati, "Asewere, ndabwera ndi kantchito. Miyala ya ku Nsangalabwi ija, yonse yonyamulika, mundichotsere."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mukuipititsa kuti?"

"Kulikonse kumene mungafune, bola maso anga asaione."

"Ndiye ikakhala yanga?"

"Yanu, ya ana anu, ndi ya zidzukulu zanu."

Anakanda chibwano n'kunena kuti ng'ombe zitopa, ndiwapatse kambuzi. Ine kambuzi? Tinakokanakokana mpaka dzuwa kupendeka, ndinawatsitsa kufika pa tambala mmodzi. Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati mkazi wa mfumu, ndikuti m'mudzi muno mulibe wondiposa, munthu wamkulu ndi ndevu zake wavomera kututa miyala chifukwa cha tambala. Sabata ndi theka ngolo ikungopita n'kubwera, iwo akuunjika miyala ija bwinobwino kuseri kwa khola lawo, ikuluikulu payokha, ing'onoing'ono payokha. Ndinkawaona akusankhula choncho n'kumaseka chamumtima kuti ukalamba wawapeza.

Chachiwiri chinali kubweretsa nthaka. Kudimba kwanga kudambo kuli makande enieni, akuda, onata, oti ukapondamo dzinja phazi limabwerako lokha nsapato n'kutsala. Ndinafulula thobwa, ndinaitana amayi a kumpingo kwathu, tinatuta makande aja ndi manyowa a m'khola n'kuwayala mbali yonse ya kumsewu, kumene alendo angaime. Malo onse sitikanatha, ndiye kumtunda ndinaletsa kutentha tsekera, ndinati udzu utalike choncho ubise chithanthwe. Tinaunga mizere yokongola, yowongoka ngati ya alangizi. Aliyense wodutsa ankaima n'kufunsa kuti Nambewe wayamba liti kulima pamwala, ine ndinkangoti dikirani muone.

Dorika ankasenza nawo osayankhula. Tsiku limodzi lokha anati, "Amayi, mtima wanga sukundiuza bwino." Ndinamuyankha kuti mtima wake ukagwire ndowa.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene satana anandigwira dzanja, chinali nthochi. Ndinaganiza kuti mlendo angakayike za chinyezi, koma akaona nthochi sangatsutse, chifukwa nthochi simera pouma. Lachinayi lija kutangocha ndinapita kudimba ndi chikwanje, ndinadula mitengo ya nthochi isanu ndi umodzi, yamasamba ake obiriwira, ina ili ndi mkoko womwe, tinaizika m'mbali mwa polowera. Yopanda mizu, yongodula ngati mzati. Kukumba kwake kunali kovuta, pansi pake mukudziwa kale chimene chinalipo, ndiye tinangounjikira dothi m'tsinde n'kupondaponda. Kenako madzi. Tinatunga pamjigo mpaka amayi ena pamzere anayamba kung'ung'udza, tinathira polowera ponse, makande aja anamwa, ananyezimira, anayamba kununkhira ngati dambo la mu Januwale. Mwezi wa Okutobala umenewo, kwina konse fumbi lokhalokha. Ndinaima pamsewu n'kuyang'ana ntchito ya manja anga, misozi inatsala pang'ono kugwa. Ndinati ngakhale ine ndikanagula.

Dzuwa litakwera pang'ono inatulukira galimoto yoyera, yaitali. Anthu a m'mudzi anali atasonkhana kale, a Kamphinda atabweretsa ndi kampando komwe. Ine ndinaima pakati pa msewu n'kumakodola ndi manja onse kuti lowani, lowani mpaka mkati, musaime patali ngati alendo. Woyendetsayo anamvera. Galimoto inakhota, inalowa polowera paja, inayenda pang'ono, kenako inangoti fwaa, matayala akumbuyo n'kumira. Anaponda moto, matayala anazungulira pamodzimodzi, matope akuwaza anthu, galimoto ikunka pansi.

Munatuluka anthu awiri. Woyendetsayo anali bwana wa kampaniyo, a Zimba, bambo wamimba yake, malaya oyera, nsapato zosongoka zonyezimira. Winayo anali mtsikana wowonda wovala jombo ndi chipewa, kabuku m'manja, anati dzina lake ndi Tadala, ndi injiniya. Ine ndinaona mimba n'kudziwa kuti nkhani ili kumeneko, mtsikanayo ndinamuyesa wonyamula chikwama. A Zimba anatsitsa phazi limodzi, linalowa mpaka m'kakolo, pokoka linabwera ndi sokosi yokha.

Munthu wanzeru akanapepesa. Ine ndinaomba m'manja.

"Mwaona nokha, bwana. Sindinakuuzeni ine, nthaka yakuuzani yokha. Ndipo chino ndi chilimwe. Mudzabwere dzinja mudzaone, muno ng'ombe imamira mpaka m'mimba."

A Zimba anayang'ana mtsikana uja, mtsikana analemba m'kabuku. Anandifunsa mwaulemu, "Agogo, madziwa amakhala chonchi nthawi zonse?"

"Chaka chonse, mwana wanga. Mukakumba kufika m'chigongono, madzi tumphu. Chitsime muno n'chosafuna amuna, mwana amakumba ndi chikombe."

Analembanso. Nkhope ya a Zimba inayamba kugwa. Tsono apa mundimvetse, anzanga. Ine ndagulitsa mbuzi zambiri, ndipo ndimadziwa kuti wogula akaikonda mbuzi ndi pamene amakwinya nkhope, amaigwira msana n'kumapukusa mutu kuti mtengo utsike. Akamamwetulira ndiye kuti sagula. Ndiye nditaona makwinya aja mtima unati myaa, ndinati nsomba yadya nyambo, tsopano ndikoke.

"Nanga chiswe chiliko?" anafunsa Tadala.

Mlimi aliyense amadziwa kuti pachulu ndi pamene pamabereka maungu. Ndinati, "Chiswe? Muno ndi kwawo. Mukasiya mpini madzulo, m'mawa mupeza khasu lokha. Zulu zinali paliponse, ndangosalaza dzana."

Nthawi imeneyo kamphepo kanayamba, ndipo ndinaona ndi ngodya ya diso nthochi ina, ya mkoko ija, ikupendekeka pang'onopang'ono kuloza pagalimoto. Ndinasendera chambali ngati ndikufuna mthunzi, ndinaikumbatira ndi dzanja limodzi, phewa n'kuchirikiza. Kulemera kwake, inu. Ndinapitiriza kuyankhula nditaima choncho, thukuta likutsika, ngati mayi wojambulitsa ndi mwana wake wamtali.

Tadala anayang'ana nthochi, anayang'ana ine, anayang'ana mapiri otizungulira, onse a miyala. Anati, "Koma agogo, dera lino ndi lokwera. Pansi pa dothili palibe mwala kapena nsangalabwi?"

Ndinamva ngati wanditukwana. Masabata atatu a thukuta, tambala wanga, thobwa langa, kamtsikana aka n'kudzatchula mwala pamaso pa bwana? Ndinakweza mawu kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Mwana wanga, ine ndine Nambewe, sindinama. Malo ano mulibe mwala ngakhale wophera mbalame. Mukaupeza mwala muno, mundipatse, nditafuna ndi mano angawa, pamaso pa anthu onsewa."

Ndinamva a Kamphinda akutsokomola pakampando pawo.

A Zimba anapukuta nkhope n'kunena kuti, "Mayi, zikomo chifukwa cha chilungamo chanu. Ambiri amatibisira, timadzazindikira titamanga kale. Koma malo ano sitingawatenge."

Ndinaganiza kuti ndi kutsitsa mtengo kuja. Ndinati, "Tikambirane, bwana."

Anayankha ndi Tadala, mofatsa ngati akuuza wodwala. Anati makande akanyowa amafufuma, akauma amang'ambika, ndiye nyumba yomangidwa pamenepo imang'aluka makoma isanathe zaka zingati. Madzi apafupi amadyetsa maziko ndipo zimbudzi zimadzaza. Chiswe chimamaliza mitengo ya denga. Kuti amange pamalo otere ayenera kukumba mozama, kuchotsa dothi lonse lakudalo, n'kugula miyala kwina yodzathiramo, ndipo ndalama zake n'zosayambika. Anati, "Ife timafuna pouma, polimba, pa nsangalabwi. Pamene alimi amadana napo, ife ndi pamene timapakonda. Fomu yanu itafika tinakayika, koma tinabwera chifukwa malowa ali pamsewu, komanso pachithunzi china kumbuyo kwanu kunkaoneka ngati kansonga ka thanthwe."

Kansonga ka thanthwe. Kamene thupi langa linalephera kubisa ndi kamene kanawabweretsa.

Ndinayang'ana Dorika. Sanandiyang'ane, maso ake anali kumudzi, kumene denga la chigafa limaonekera, ndipo kuseri kwake, pamwamba pa mapiri a Ntchisi, mitambo inali itayamba kale kuunjikana. Sananene kuti ndinakuuzani. Bola akananena.

A Zimba anati ali ndi malo ena awiri oti akaone lisanafike dzuwa la paliwombo, anthu awathandize kukankha galimoto. Amuna anakankha, galimoto inangolira n'kumirabe. A Zimba anatsikanso, sokosi ili matope okhaokha, n'kunena kuti, "Tipezereni miyala ingapo tiike kunsi kwa matayala."

Anthu anayang'ana pansi, kumanzere, kumanja. Malo amene chibadwire munthu sankayendapo osapunthwa, tsiku limenelo panalibe ndi kamwala kamodzi komwe. Wina kumbuyo anayamba kuseka n'kudzigwira pakamwa.

A Kamphinda anaimirira pang'onopang'ono, anapinda kampando kawo. "Bwana, muno mwala mulibe, mwamva nokha kwa eni ake. Koma kwa ine iliko ingapo."

Anapita, anabwera ndi wilibala yodzaza. Amuna akuilowetsa kunsi kwa matayala, Tadala anatolapo iwiri, anaigundanitsa, inalira ngati chitsulo. Anaitembenuza, anaikanda ndi chala. "Bambo, miyala iyi mumaitenga kuti?"

"Ine ndinachita kupatsidwa, mayi. Ngolo zambirimbiri, ndi tambala pamwamba."

"Anakupatsani ndani? Kumene inachokera n'kumene tikufuna ife."

A Kamphinda anakanda chibwano chawo chija. "Woti anene alipo, ali pompano. Koma ndikuwadera nkhawa mano."

Apa ndiye panali pamphambano. Ndikhale chete, galimoto ituluke, ndisunge dzina langa la Nambewe wosanama, ana abwerere m'mabeseni? Kapena nditsegule pakamwa pomwepa, pamaso pa amayi a kumpingo, pamaso pa asewere, pamaso pa ana amene ndimawalanga akanama? Ndikuuzeni zoona, ndinaganizako kaye. Manyazi ndi katundu wolemera kuposa nthochi. Koma tayala lina linali litayamba kugwira, ndipo ndinadziwa kuti galimoto imeneyi ikakwera pamsewu sidzabweranso.

Ndinangoisiya nthochi ija.

Inagwa kuti khuu, patsogolo penipeni pa a Zimba, tsinde lake lodulidwa bwino ndi chikwanje lili m'mwamba, loyera, lopanda ndi muzu umodzi womwe. Ndinalanda khasu kwa mayi wina, ndinapita pakati pa mizere yanga yokongola ija, ndinatema kamodzi, dothi lakuda, kawiri, manyowa, kachitatu khasu linalira kuti ngwee, mpaka moto kuthetheka, dzanja kuchita dzanzi.

Ndinati, "Bwana, ndinanama. Dothili ndi la kudambo, ndinachita kusenza. Madziwa ndi a pamjigo, a lero lomwe. Nthochizi zabwera m'mawa uno, zangokutsogolerani pang'ono. Chiswe muno sichikhala, chingadye chiyani? Malo ano ndi mwala kuyambira apa mpaka kumene Mulungu analekezera, ndipo miyala ili m'wilibalayo ndi yanga, ndinalipira munthu kuti andichotsere."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo ndikhulupirira anakumva ku Chezi. Amayi a kumpingo, omwe aja anamwa thobwa langa, anagwirana mapewa. A Zimba anayesa kudzigwira, mimba inawapereka, inayamba kugwedezeka yokha. Dorika anakhala pansi pamzere, nkhope m'chitenje, mapewa akunjenjemera, mpaka lero sanandiuze ngati ankalira kapena ankaseka.

Tadala yekha sanaseke kwambiri. Anati, "Ndimadabwa, agogo, nthochi zake ziti zofota zonse nthawi imodzi." Anatsitsa piki m'galimoto, analowa m'tsekera muja, tinangomva ngwe, ngwe, uku ndi uku. Anakumba maenje anayi, anakwera pachithanthwe chimene ndinkabisa ndi thupi langa, anaimapo n'kuyang'ana msewu, kenako anaitana bwana wake. A Zimba anapita chotsimphina, nsapato imodzi m'manja. Anayankhulana nthawi yaitali. Pobwera Tadala anang'amba fomu yakale ija n'kupatsa Dorika ina. Anati, "Achemwali, lembani inuyo. Agogo angokhala pamthunzi." A Kamphinda anati mthunzi wake uti, poti wagwa.

Patatha sabata foni inalira. Malo awatenga, ndipo nyumba ya Dorika ndi imene ayambire kuti mvula isawapeze. Koma panali mawu awiri. Oyamba, zonse zimene ndinabweretsa ndibweze kwawo, makande, manyowa, mizere, zonse, malo akhale mmene analili. Ngolo yake ya yani? Ndinapitanso pansi pa mango paja, mutu uli pansi. A Kamphinda anaganiza nthawi yaitali n'kunena kuti, "Asewere, tambala uja akusowa mnzake, akungolira yekha. Mubweretse thadzi." Sindinatsutse ngakhale pang'ono, mphamvu zokokerana zinali zitatsalira m'matope.

Mawu achiwiri ndi amene amandidzutsa mutu mpaka lero. Kampani inafuna miyala ya maziko, ndipo inaipeza pafupi, yosankhulidwa kale, ikuluikulu payokha, ing'onoing'ono payokha, kuseri kwa khola la a Kamphinda. Inaigula yonse. Ngolo yomweyo, ng'ombe zomwezo, zinabweza miyala yomweyo pamalo pomwepo, ulendo uno akulipidwa ndi a ku Lilongwe. Ndinawafunsa kuti, "Asewere, kodi munkadziwa?" Anati, "Ine ndinaumbako njerwa ndi kumanga ndili mnyamata. Mukanandifunsa ndikanakuuzani. Koma inu munabwera ndi tambala, simunabwere ndi funso." Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Iye uja anachita mwayi, phula ndi lofewa.

Nyumba inatha. Zipinda ziwiri ndi pabalaza, khonde laling'ono, malata owala oti ukamachokera ku Madisi umawaonera patali. Mvula yeniyeni yoyamba inagwa masana, titangosamutsa katundu, ndipo itangoyamba kulira padenga mdzukulu wanga wamkulu anathamanga kukatenga mabeseni mwachizolowezi. Anaima nawo pakati pa nyumba akuyang'ana kumwamba, kufunafuna podontha. Panalibe. Ndinatuluka panja ngati ndikukaanula zovala, kuti asandione m'maso.

Tsiku lolowa nyumba tinaphika, anabwera achibale, Lufeyo yemwe uja wa mphepo anabwera n'kumagogoda makoma ngati wamanga ndi iye. Anthu atakhuta ndinaona a Kamphinda akubwera, jekete atavala, m'manja muli mbale yovundikira ndi inzake, kumbuyo kwawo akazi awo atanyamula madzi osamba m'manja. Anafika pamene ndinakhala, anatsitsa mbale mwaulemu wonse, anandisambitsa m'manja anthu akuonerera. Ndinavundukula. Kamwala kamodzi, kotsukidwa bwino, pambali pake kamchere.

"Asewere, munalonjeza pagulu. Ndayesetsa, ndasankha kanthete."

Ndinakatenga, ndinakatembenuza, ndinakanunkhiza. Ndinati, "Asewere, mwathyola kosapsa. Ndikaika pawindo kayambe kapsa, kakafewa ndidzakuitanani."

Ndi kamene mumakaona kaja.

Tsopano akuti kampani idzafunanso malo ena chaka chamawa, ndiye anthu a miyala onse a m'mapiri muno ayamba kubwera kwa ine kuti ndiwathandize kupereka mafomu, ati ndine wodziwa njira. Ndimawauza chinthu chimodzi: musasambitse malo, aperekeni ndi litsiro lawo, ndipo musanasenze dengu loyamba funsani kaye kuti wogulayo akufuna chiyani. Ineyo kuveka munda nthochi ndinasiya, sindidzayambiranso ngakhale atabwera a ku Lilongwe khumi. Ndipo ndikadzafuna kulumbiranso pagulu ndidzalumbirira phala, chifukwa mano anditsalira asanu ndi limodzi, ndipo a Kamphinda amadutsa pawindo paja Lamlungu lililonse, amakadina kamwala kaja ndi chala, n'kundiuza kuti katsala pang'ono.